USANA KATSWIRI WA MBIRI, MADZULO MPHUNZITSI WA GULE

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America muli kagulu ka anthu ophunzira kwambiri amene asenza nchito ziwiri zimene munthu wongomva angaziyese zosayenderana konse. Usana amakhala m'nyumba zosungiramo mabuku ndi makalata akale, kapena pamaso pa ophunzira a pa yunivesite, nafufuza ndi kuphunzitsa mbiri yakale. Dzuwa likapendeka amabvula jekete, nabvala nsapato zofewa za nsalu, nakaima m'chipinda cha magalasi kuphunzitsa gule wa Azungu wotchedwa ballet. Ndipo ophunzira ao a madzulowo si ana ai, koma akuluakulu: akalaliki oweruka ku maofesi, anamwino, aphunzitsi anzao, ngakhale nkhalamba zopuma pa nchito.

Anthu otere sasowa owakayika. Ku yunivesite alipo ena amene amayesa kubvina chinthu chachibwana, chosayenera munthu wa digiri, ndipo amati nthawi imene mnzaoyo amataya m'chipinda cha gule akadalemba nayo buku. Nakonso kwa eni ache gule alipo amene amati munthu wothera zaka zache pa mpando ndi mapepala a pfumbi sangadziwe kanthu za thukuta. Mbali zonse ziwiri zimakomana pa mau amodzi, akuti mapanga awiri abvumbwitsa. Koma wofufuza bwino chiyambi cha gule ameneyu apeza kuti nchito ziwirizi zinabadwira m'nyumba imodzi, ndi kuti chachilendo ndicho kulekana kwao.

Wansembe ndi loya

M'chaka cha 1589, m'mudzi wa Langres ku France, munatuluka buku lotchedwa Orchésographie. Mlembi wache anali wansembe wokalamba, Jehan Tabourot, wobadwira ku Dijon m'chaka cha 1520, amene anasokoneza zilembo za dzina lache nadzitcha Thoinot Arbeau. Bukulo analilemba monga kukambirana kwa anthu awiri, iye mwini ndi wophunzira wache dzina lache Capriol. Tsono Capriol ameneyu sanali kamwana. Anali mnyamata wamkulu amene anatsiriza maphunziro a malamulo, koma anaona kuti pakati pa anthu olemekezeka amachita manyazi chifukwa cha kusadziwa kubvina. Wansembeyo ayamba ndi kumfotokozera mbiri ya kubvina monga ipezeka m'Baibulo ndi m'mabuku a Agiriki ndi Aroma. Atatha izo amlangiza kaponyedwe ka phazi lililonse, ataika dzina la sitepe pafupi ndi chizindikiro cha nyimbo chimene sitepeyo iyenera kugwerapo. Apa pali katswiri wa mbiri ndi mphunzitsi wa akulu m'thupi limodzi, zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo chifukwa cha khama la nkhalamba imeneyi magule monga pavane, galliard ndi branle akhoza kubvinidwa lero.

Masiku amenewo kubvina kunali mbali ya maphunziro a munthu waulemu, pamodzi ndi kukwera kavalo ndi kugwira lupanga. Nduna yosadziwa kuyenda, kuwerama ndi kubvina pamaso pa mfumu inali kudzitsekera yokha njira ya ukulu. Mfumu Louis XIV ya France inabvina poyera m'chaka cha 1653 ili ndi zaka 14, itabvala ngati dzuwa lotuluka, m'sewero lotchedwa Ballet de la Nuit, ndipo inapitiriza kutero kufikira itakwana zaka 30. M'chaka cha 1661, chomwecho chimene inayamba kulamula yokha, inakhazikitsa Académie Royale de Danse, bungwe la aphunzitsi a gule 13. Mphunzitsi wa mfumuyo, Pierre Beauchamp, ndiye amatchulidwa kuti anakonza maimidwe asanu a mapazi amene wophunzira aliyense wa ballet amayamba nao kufikira lero lino. M'chaka cha 1700 Raoul-Auger Feuillet anasindikiza njira yolembera masitepe ndi mizera ndi tizizindikiro, kotero kuti gule wopekedwa ku Paris anali kufika ku London pa pepala monga kalata.

Amene anatembenuza buku la Feuillet m'Chingerezi m'chaka cha 1706 anali John Weaver wa ku Shrewsbury, mphunzitsi wa gule, mwana wa mphunzitsi wa gule. Munthu ameneyu ayenera kukumbukiridwa koposa m'mene amakumbukiridwira. M'chaka cha 1712 anatulutsa buku la mbiri ya kubvina, An Essay towards an History of Dancing. M'chaka cha 1717 anaonetsa ku Drury Lane sewero la The Loves of Mars and Venus, m'mene nkhani yonse inasimbidwa ndi matupi popanda mau olankhulidwa kapena oimbidwa. Ndipo m'chaka cha 1721 anasindikiza maphunziro a mafupa ndi minofu amene anawerengera aphunzitsi anzache, kuti adziwe chimene akupinda pamene apinda bondo la wophunzira. Anamwalira m'chaka cha 1760 ali ndi zaka 87. Kwa Weaver sikunali kwachilendo kuti dzanja logwira cholembera likhale lomwelo loongola msana wa wophunzira.

Zinthu zinasintha pamene gule anachoka ku bwalo la mfumu nakwera pa nsanja ya masewero olipiritsa. Ku Paris sukulu ya obvina a nchito inakhazikitsidwa m'chaka cha 1713, ku St Petersburg m'chaka cha 1738. Masitepe anakula kubvuta, ndipo akazi anayamba kuima pa nsonga za zala, makamaka kuyambira pamene Marie Taglioni anabvina La Sylphide m'chaka cha 1832. Thupi lotha zotere liyenera kuumbidwa mafupa akali anthete, pakuti m'mera mpoyamba; motero masukulu akulu anayamba kulandira ana a zaka 10 kapena pafupi pamenepo ndi kuwasunga zaka zambiri. Munthu wamkulu anasanduka wogula tikiti chabe, ndipo a mabuku ndi a miyendo anapatukana.

Chuma chosungidwa m'miyendo

Kupatukanako kunadzetsa chitaiko chachikulu. Nyimbo ili ndi zizindikiro zache zimene woimba aliyense wophunzira amawerenga. Sewero lili ndi mau ache olembedwa. Koma gule, ngakhale njira zomlembera zapekedwa kangapo, kwenikweni amasungidwa m'matupi a anthu, ndipo mphunzitsi akafa wosasiya womtsata, gule amapita naye kumanda. Njira ya Feuillet inasiyidwa zaka za m'ma 1700 zisanathe. Masitepe amene Taglioni anabvina anataika. La Sylphide amene aonedwa kawirikawiri lero ndi wina, wokonzedwa ndi August Bournonville ku Copenhagen m'chaka cha 1836, amene anapulumuka chifukwa obvina a ku Denmark anapatsirana mbadwo ndi mbadwo.

Nkhani ya mapepala a ku Russia ionetsa bwino chimene chili pa ngozi. M'chaka cha 1892 Vladimir Stepanov anasindikiza njira yache yolembera kayendedwe ka thupi, ndipo ndi njira imeneyo magule ambiri a Marius Petipa analembedwa ku St Petersburg. Ufumu utagwa m'chaka cha 1917, woyang'anira masewero Nicholas Sergeyev anatuluka nao mapepalawo m'dzikomo, ndipo ndi iwo anaphunzitsa obvina a ku London Giselle ndi Swan Lake m'chaka cha 1934. Iye atamwalira mapepalawo anakafika ku yunivesite ya Harvard m'chaka cha 1969, nagona kumeneko zaka zambiri, pakuti odziwa kuwerenga zilembo za Stepanov anali owerengeka. Pamene Sergei Vikharev anawatsegula kuti adzutse The Sleeping Beauty ku St Petersburg m'chaka cha 1999, ndi pamene Alexei Ratmansky anachita chomwecho ndi American Ballet Theatre m'chaka cha 2015, zinaoneka poyera kuti zambiri zimene oonerera anali kuyesa za Petipa zinaonjezedwa ndi anthu ena pambuyo pache. Obvina a m'chaka cha 1890, pamene seweroli linaonekera koyamba, sanali kuponya mwendo kufikira ku khutu monga achitira a lero. Miyendo inali kuyenda m'munsi, ndipo luso linali m'changu cha mapazi.

Tsono mapepala otere sawerengeka ndi maso okha. Kawirikawiri mlembi analemba miyendo nasiya manja ndi mutu, poyesa kuti aliyense adziwa kale. Chizindikiro chimodzi chikhoza kumasuliridwa njira ziwiri, ndipo njira yoona imadziwika pamene munthu aimirira nayesa, naona kuti inzacheyo imgwetsa kapena imchedwetsa pa nyimbo. Katswiri amene sanaimepo pa mwendo umodzi ali ngati munthu wowerenga za kasulidwe ka khasu asanalowepo m'chipala. Cyril Beaumont, wogulitsa mabuku pa Charing Cross Road ku London, anali mmodzi wa olemba mbiri ya ballet omveka a ku England, ndipo ndiye anatembenuza buku la Arbeau m'Chingerezi m'chaka cha 1925. Koma pofuna kulemba chiphunzitso cha mphunzitsi wamkulu Enrico Cecchetti, popeza iye mwini sanali wobvina, anayenera kubwereka miyendo ya wobvina Stanislas Idzikowski kuti amuonetse sitepe iliyonse. Buku lao linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo chiphunzitso cha Cecchetti chikali kuyesedwa pa mayeso m'maiko ambiri. Nchito imene Weaver akadaichita yekha inafuna anthu awiri.

Mwa amene analumikizanso mbali ziwirizi, dzina loyenera kutchulidwa ndi la Mai Wendy Hilton, obadwira ku England m'chaka cha 1931, amene anamwalira m'chaka cha 2002. Iwo anaphunzira kuwerenga zilembo za Feuillet ndi kuzibvina, nalemba buku la Dance of Court and Theater, lotuluka m'chaka cha 1981, lofotokoza mabvinidwe a ku France a pakati pa 1690 ndi 1725. Kuyambira m'ma 1970 anaphunzitsa pa sukulu ya Juilliard ku New York ndi pa maphunziro a nthawi ya tchuthi a yunivesite ya Stanford. Ambiri mwa ophunzira ao anali akulu, ena a iwo oimba zoimbira amene sanabvinepo chibadwire. Chimene anadzera n'chomveka: nyimbo zambiri za Bach ndi Handel zili ndi maina a magule, monga minuet, gavotte ndi sarabande, ndipo woimba amene waponyapo yekha masitepe a minuet sangaiimbenso mothamanga kapena mokoka koposa muyeso, pakuti miyendo yache imamtsutsa.

Wina ndi Mai Jennifer Homans a ku America, obadwa m'chaka cha 1960. Iwo anaphunzira pa School of American Ballet ku New York, nabvina monga nchito m'magulu a San Francisco Ballet ndi Pacific Northwest Ballet. Ali ndi zaka 26 analeka chifukwa cha kubvulala, nalowa yunivesite ya Columbia pa msinkhu umene anzao anali atatsiriza kale. Pambuyo pache analandira digiri yapamwamba ya mbiri ya maiko a Ulaya pa New York University. Buku lao la Apollo's Angels, la masamba oposa 600, linatuluka m'chaka cha 2010 patapita zaka ngati 10 akulifufuza, ndipo nyuzipepala ya New York Times inaliika pakati pa mabuku 10 opambana a chaka chimenecho. Mphamvu ya bukulo ili apa, kuti limasimba za mafumu, nkhondo ndi maboma, koma pofika pa sitepe limalankhula monga munthu amene anaimva m'nchafu zache. M'chaka cha 2014 Mai Homans anatsegula pa yunivesite yomweyo Center for Ballet and the Arts, malo oitanirako ofufuza ndi obvina kuti agwire nchito pansi pa denga limodzi, ndipo m'chaka cha 2022 anatulutsa Mr. B, mbiri ya moyo wa George Balanchine.

Phunziro la madzulo

Phunziro la ballet lili ndi dongosolo limene silisintha kwenikweni, ngakhale munthu alowe ku Paris, ku Tokyo kapena ku Havana. Limatenga ora limodzi kapena ora ndi theka. Ophunzira amayamba atagwira ndi dzanja limodzi mtengo wopingasa wokhomedwa m'mbali mwa khoma, wotchedwa barre. Choyamba ndi plié, ndiko kupinda maondo pang'onopang'ono msana uli chilili. Chotsatira ndi tendu, ndiko kutambasula phazi likukhula pansi kufikira nsonga ya zala. Kenaka zina zofulumirirapo ndi zokwererapo. Minofu itatentha amasiya mtengowo nabwera pakati pa chipinda, kumene palibe chogwira, ndipo kulumpha kumadza potsiriza. Maina onse a masitepe ndi a Chifalansa, cholowa cha bwalo la Louis XIV.

Kuphunzitsa akulu ndi luso lina, losiyana ndi kuphunzitsa ana, monga adziwa bwino mphunzitsi aliyense amene anakhalapo ndi sukulu ya madzulo. Mwana amatsanzira osafunsa, ndipo akagwa amaseka nadzuka. Wamkulu amabwera ndi manyazi, ndi bondo limene linabvulala kale, ndi msana wouma chifukwa cha mpando wa mu ofesi. Amadziona m'galasi nakhumudwa. Koposa zonse, amafuna kudziwa chifukwa chache. Chifukwa ninji mapazi ayenera kuloza kunja? Chifukwa ninji mapewa akhale pansi ndi chibwano chikwezedwe? Mphunzitsi wongoloweza amayankha kuti ndi m'mene zimakhalira. Wodziwa mbiri ali ndi yankho lokhutitsa munthu wamkulu, kuti kaimidwe kameneko ndi ka nduna ya pa bwalo la mfumu, imene inayenera kuoneka yosatekeseka ngakhale mtima ukugunda, ndi kuti mwendo wopotoledwa kunja umalola munthu kuyenda cham'mbali nkhope ikali kuyang'ana oonerera.

Pa nkhani ya mapazi oloza kunja m'pamene mbiri imateteza thupi lenileni. Wophunzira wamkulu amaona zithunzi za akatswiri, zidendene zili pamodzi ndi mapazi onse awiri ali pa mzera umodzi woongoka, nayesa kuti popanda zimenezo sakubvina ballet. Amakakamiza mapazi, ndipo popeza kupotoka koyenera kumachokera m'chiuno, ndi mafupa a m'chiuno mwa wamkulu anakhwima kale, mphamvu yonse imagwera pa bondo ndi pa kakolo, nabvulala. Koma m'masiku a Beauchamp ndi Feuillet mapazi anali kutseguka pang'ono chabe, monga chilembo cha V. Mzera woongokawo unadza pambuyo, ndipo amene anaulimbikitsa kwambiri ndi Carlo Blasis, m'buku lache la m'chaka cha 1820, lolembera anthu okonzekera nsanja kuyambira ubwana. Motero mphunzitsi wodziwa izi akauza mai wa zaka 50 kuti atsegule mapazi monga m'mene chiuno chache chilolera, sakumnyengerera kapena kuchepetsa luso. Akumbwezera ku muyeso umene mfumu ya France inabvinira, umene unakonzedwera matupi a anthu akulu.

Kodi gule akufa?

Mai Homans anatsiriza Apollo's Angels ndi mau amene anautsa mkangano waukulu, akuti ballet ali kufa. Anaona kuti aphunzitsi akulu a zaka za m'ma 1900 anatha, ndi kuti magulu ambiri angobwereza zakale. Ngakhale nchito yodzutsa magule otaika anaikayika, poona kuti masitepe akhoza kubwera koma mzimu wa nthawi yao osabwera. Ambiri anawatsutsa. Chimene chiyenera kunenedwa apa ndi chakuti chiweruzo chimenecho chinayang'ana pa nsanja zazikulu, pamene gule ali ndi moyo winanso m'zipinda zazing'ono zimene manyuzipepala salembako. Mai Melissa Klapper, mphunzitsi wa mbiri pa Rowan University ku New Jersey, anatsata njira imeneyo m'buku lao la Ballet Class, la m'chaka cha 2020, losimba za unyinji wa anthu wamba a ku America amene anaphunzira ballet osafuna konse kukhala akatswiri.

Nao mabungwe akulu anazindikira mochedwa kuti akulu ali pakhomo. Royal Academy of Dance ya ku London, yokhazikitsidwa m'chaka cha 1920 ndi yodziwika ndi mayeso a ana, inayambitsa m'chaka cha 2017 maphunziro otchedwa Silver Swans, okonzedwera anthu a zaka 55 ndi kupitirira, ndipo mphunzitsi ayenera kuphunzira padera ndi kulandira chilolezo asanayambe kuwaphunzitsa. M'chaka cha 2020 Camilla, mkazi wa amene anadzakhala Mfumu Charles III, anaulula kuti nayenso amaphunzira nao, ali ndi zaka 72. English National Ballet inayamba m'chaka cha 2010 maphunziro a anthu odwala nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, ndipo ofufuza a yunivesite ya Roehampton anatsata ophunzirawo kuti aone chimene gule achita pa iwo. Akulu amenewa ndiwonso amagula matikiti ndi mabuku. Munthu amene wayesa yekha kuima pa mwendo umodzi amaona zambiri pa nsanja zimene mnzache saziona.

Komabe nkhaniyi isakomedwe koposa. Ambiri amene asenza nchito ziwirizi sanasankhe chifukwa cha chikondi chokha. Mipando yokhazikika ya aphunzitsi a mbiri m'mayunivesite a ku America ndi ku Britain ndi yochepa poyerekeza ndi unyinji wa olandira madigiri, ndipo ambiri amalembedwa nchito ya chaka chimodzi kapena ya phunziro limodzi. Nakonso ku gule mphunzitsi amalipidwa pa ora, ndipo ophunzira akachepa m'nyengo yachisanu, malipiro nao amachepa. Nchito ziwiri zosakwanira zimaphatikizidwa kuti zibale chakudya chimodzi. Ndiponso zonse ziwiri n'zansanje: buku la mbiri limafuna miyezi ya kukhala chete m'nyumba za makalata, nthawi zina kudziko lina, pamene ophunzira a madzulo amafuna mphunzitsi wao Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, ndipo akamsowa kawiri katatu amabalalika. Pokweza anthu pa nchito, akulu a yunivesite amawerenga mabuku osindikizidwa. Maora a ku barre sawalemba paliponse.

Pali chinanso chimene sichikambidwa kawirikawiri. Nchito ziwirizi zimakalamba mosiyana. Wolemba mbiri amakhwima pa zaka 60, pamene wawerenga zambiri ndi kuleka kupupuluma. Koma pa msinkhu womwewo maondo a mphunzitsi wa gule ayamba kukana, ndipo ayenera kuphunzira kuonetsa ndi manja ndi mau chimene kale anali kuonetsa ndi thupi lonse. Ena amaleka kulumpha nasunga za pa barre zokha, ena amaika wophunzira waluso kutsogolo kuti aonetse anzache, iwo ali pa mpando ndi ndodo yoombera nthawi. Cecchetti anaphunzitsa kufikira mapeto. Anabwerera kwao ku Italy m'chaka cha 1923, nalandira sukulu ya gule ya La Scala ku Milan, ndipo m'mwezi wa November 1928, ali ndi zaka 78, anakomoka pakati pa phunziro namwalira tsiku lotsatira.